Nyumba ya Gule Iyambire Kuphazi

Kwathu ku Thyolo kuli nyumba ziwiri zimene alendo amaimitsira galimoto. Yoyamba ndi Huntingdon House pa Satemwa, imene Maclean Kay anamanga mu 1928. Luso lake lonse lili pakhonde: munthu akhale pamthunzi, maso ali pa tiyi. Yachiwiri ndi Mpumulo wa Bata ku Ndata, manda oyera mbee amene anaikamo Bingu wa Mutharika mu 2012, ndipo ambiri amawafanizira ndi Taj Mahal wa ku India. Zonsezi n'zokongola, sindikana. Koma zonse zimauza munthu chimodzimodzi: khala chete, uzingopenya.

Nanga tchopa tidzamumangira yotani? Guleyu ndi wa Alomwe, amene makolo awo anachokera ku Mozambique nathera mphamvu pa thangata m'minda yomweyi. Bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake mu 2014, patapita zaka 4 chilembereni flamenco, gule wa ku Spain. Tiyeni tione zimene eni flamenco anachita.

Ku Jerez, akatswiri a Herzog & de Meuron anajambula Ciudad del Flamenco: nsanja, munda ndi zipupa zobowokabowoka ngati nsalu yoluka. Ntchito inathera pamaziko. Ku Seville, mu 2006, mayi wovina Cristina Hoyos anakonza nyumba yakale nayala matabwa pabwalo la m'kati mwake. Kumeneko akuvinabe. Mayiyu anadziwa kuti flamenco amalira ndi chidendene, ndipo chidendene chimafuna thabwa.

Tchopa safuna thabwa, amafuna dothi. Ng'oma zake ndi zitatu zosiyana misinkhu. Ovina amazungulira napingasana, ena atabereka zikopa, makasu ndi ziwiya zakale. Amavinidwa pokondwerera zokolola, kapena popereka nsembe kwa mizimu chilala chikavuta. Mumuike m'holo ya makona anayi, pansanja, mipando ili m'mizere ngati m'kalasi, mwamudula miyendo. Gogo wolulutira alowera pati? Fumbi likwera bwanji pasimenti? Nanga nsembe tithira pa matailosi?

Choopsa china n'chakuti wina adzamanga denga looneka ngati ng'oma, nati watsata chikhalidwe. Kumeneko n'kuveka nyumba chigoba chabe.

Anzanga ophunzira zomangamanga, musanagwire pensulo pitani pabwalo mukavule nsapato. Pimani pamene phazi laponda, pamene oimba ng'oma akhala, ndi mtengo umene wapereka mthunzi. Chipupa chibwere pambuyo, ngati n'chofunika n'komwe.