"Ti amo" kwa mayi ako? Tiyeni tikambirane

Anzanga alembi, sabata yatha kuno ku Mzuzu ndinamvera mnyamata wina akulakatula ndakatulo yotamanda mayi ake. Inali yokoma ndithu: mayi wolawirira kumsika ndi dengu la nthochi, chifunga chili tolo, kuti mwana apeze fizi. Koma pomaliza anatseka ndi "ti amo, mama". Anthu anaomba m'manja. Ine mtima unangoti zii.

Vuto si kubwereka mawu ayi. Vuto n'kubwereka chinthu chosachidziwa. M'Chitaliyana, "ti amo" kawirikawiri amauza bwenzi kapena mkazi wako wa kunyumba. Kwa mayi, mwana kapena mnzako amati "ti voglio bene", kutanthauza kuti "ndimakufunira zabwino". Ndiye mwaona zimene mnzathuyu anawauza mayi ake?

Chomvetsa chisoni n'choti Ataliyanawo anatisiyira phunziro losiyana ndi zimene tikuchitazi. Dante Alighieri wa ku Florence analemba Vita Nuova cha m'ma 1290, polira Beatrice, m'chiyankhulo cha kwawo, pomwe ophunzira ankanyadira Chilatini. M'bukumo akufotokoza kuti woyamba kulakatula m'chiyankhulo cha anthu wamba anatero pofuna kuti mkazi amene ankamukonda amve, poti Chilatini chinkamuvuta. Naye Petrarca ankadalira mabuku ake a Chilatini kuti ndiwo adzamutchukitse, koma lero dziko limamukumbukira ndi ndakatulo 366 za m'Chitaliyana, zambiri zokamba za Laura.

Tsono iwe mlakatuli, ukulembera ndani? Mayi wa nthochi uja "ti amo" amumvera kuti? Chikhala anati "nkhumutemwani amama", ndikhulupirira misozi ikanatsika m'holo monse.

Ena mudzati Chichewa n'chosauka, liwu ndi limodzi lomwelo, kukonda nsima, kukonda mkazi. Bodza limenelo. Tamvani kusiyana kwa "ndimakukonda" ndi "ndimakukondani". Ka "ni" kameneko kanyamula ulemu wonse wa mwana kwa kholo. Nanga "wapamtima", "nthiti yanga", "ndakusowa"? Chuma chilipo, kungoti tikuchita nacho manyazi.

Sindikuletsa Chitaliyana. Chiphunzireni, n'chokoma. Koma liwu lachilendo lilowe m'ndakatulo chifukwa likugwira ntchito, osati ngati suti yobwereka ya paukwati.

Inu mukuti bwanji? Ndi mawu ati achikondi a kwanu amene simunawaonepo m'ndakatulo? Tiponyereni m'munsimu.