Zinjoka za ku Pern, Napolo wa kwathu

Kwathu kuno ukatchula chinjoka, maganizo amathamangira kuwiri: ku buku la Chivumbulutso, kapena kwa Napolo uja amati akamasamuka m'phiri amakokolola midzi. Konseko kulibe chabwino. N'chifukwa chake Dragonflight, buku la Anne McCaffrey la mu 1968, limayamba lakuzunguza kaye mutu. M'menemo zinjoka ndiye alonda.

Nkhani yake ili motere. Pa dziko lotchedwa Pern, pakatha zaka 200 nyenyezi yofiira imayandikira, ndipo kwa zaka 50 kumagwa ulusi wamoyo womwe umadya mbewu, ziweto ndi anthu omwe. Zinjoka zimatafuna mwala winawake n'kumalavula moto, okwerapo ali pamsana, kuti ulusiwo upsere m'mwamba. Koma ulendo uno papita zaka 400 usanagwe. Mafumu ayamba kunyinyirika popereka chakudya kwa okwera zinjoka, ati ndi alesi ongodya za eni. Mwa malinga asanu ndi limodzi a zinjoka latsala limodzi lokha, la Benden. Udzu womwe malamulo akale amati uzizulidwa pafupi ndi nyumba wamera mpaka pakhomo, palibe akulabada.

Kaudzu kameneka ndi komwe kamandigwira mtima kuposa nkhondo zonse za m'mlengalenga. Munthu wokhala ku Zingwangwa akadzutsa maso amaona Soche, wa ku Ndirande amaona phiri lomwe lidali nkhalango koma lero ladazi. Zomba idaona zakuda mu 1946, Phalombe mu 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatsitsa matope ndi miyala pa Chilobwe. McCaffrey akudziwa bwino momwe chenjezo limasandukira nthano, nthano n'kusanduka nyimbo yongoimba ana. Pamenepo ndamuvulira chipewa.

Koma pomwepo ndi pomwenso ndikusiyana naye. Kwa iye vuto ndi kuiwala basi: anthu akadakumbukira, akadamvera. Abale anga, mayi womanga kanyumba m'mphepete mwa phiri ku Bangwe kapena ku Chilomoni sanaiwale kuti mvula imapha. Malo otsetserekawo ndi omwe thumba lake lidakwanitsa. Anthu otere m'bukuli alimo, akapolo a kukhitchini ogona pa udzu, koma ndi ongodutsa. Lessa, mwini nkhani, akhala pakati pawo zaka 10 akubisala kwa Fax yemwe adapha banja lake, komabe bukuli silitilola kuiwala kuti iye ndi wamagazi achifumu a ku Ruatha. Wosauka weniweni sapatsidwa pakamwa.

Za chikondi ndingodutsapo, chifukwa zimandinyansa. F'lar amamugwedeza Lessa m'mapewa ngati mwana akakwiya, ndipo chinjoka chake Mnementh chikagwira Ramoth wa Lessa, eni akenso amagonana, kufuna kapena kusafuna. Izi zidalembedwa ndi mayi yemwe gawo loyamba la bukuli, Weyr Search, lidamupanga mkazi woyamba kupata mphoto ya Hugo pa nkhani zopeka. Zaka za m'ma 1960 zimenezo, eti.

Mathero ake (amene simunawerenge mundikhululukire) ndi ochenjera. Lessa abwerera m'mbuyo zaka 400 n'kukatenga okwera zinjoka a malinga asanu aja, n'chifukwa chake malingawo adapezeka opanda anthu. Mfundo yamangika bwino, ndikuvomera. Koma ndi chipulumutso chotchipa: a lero alephera, makolo abwera kudzawamenyera nkhondo. Ku Chilobwe adafukula matope ndi makasu anali achinansi ndi anansi amoyo.

Steve Chimombo adamuika Napolo m'ndakatulo, Shadreck Chikoti adatitengera zaka 500 m'tsogolo mu Azotus the Kingdom, onse m'Chingerezi. Buku lomwe ine ndikulidikira ndi la m'Chichewa, lokhala ndi mtsikana wa ku Machinjiri wotunga madzi pa kiyosiki, wopanda magazi achifumu, yemwe Napolo amamumvera.