Kasankhidwe ka Ana Anzeru m'Masukulu

M'masukulu a maiko ambiri, makamaka ku America, muli mwambo wa kupatula ana amene aoneka kuti ali ndi nzeru zopambana anzao, ndi kuwaika m'kalasi lao-lao, kapena kuwalumphitsa kalasi kuti asacedwe ndi zinthu zimene azidziwa kale. Colinga ca mwambo umenewu ncabwino ndithu. Palibe munthu woganiza bwino amene angakonde kuona mwana wotha kale kuwerenga buku lonse alikukhala caka cathunthu kubwereza a, e, i, o, u pamodzi ndi anzace. Mwana wotere atopa, nayamba kusokoneza m'kalasi, ndipo nthawi zina afika pa kudana nayo sukulu. Cimene ndifuna kuti tiyese pamodzi, inu owerenga ndi ine, ndi njira imene masukulu atsata pofuna kudziwa kuti mwana wanzeruyo ndi uti. Mbiri ya zaka zoposa 100 itionetsa kuti ana ambiri oyenera ataika asanafike nkomwe pa khomo la cipinda ca mayeso.

Tiyambe ndi kumene mayesowo anacokera. M'caka ca 1905, ku Paris, Alfred Binet ndi mnzace Théodore Simon anakonza mafunso oyesera ana, kuyambira apafupi kufikira obvuta. Iwo sanali kufuna akatswiri ai. Anali kufuna kuzindikira ana otsalira m'maphunziro kuti apatsidwe cithandizo, ndipo Binet mwini wace anakana ganizo lakuti nzeru za munthu ndi cinthu cokhazikika cimene sicingakule. Koma mayesowo ataoloka nyanja anasintha nchito. Lewis Terman, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford ku California, anawakonzanso m'caka ca 1916, ndipo kucokera pamenepo anthu anazolowera kupatsa mwana nambala imodzi yochedwa IQ. Mwana wapakati apeza 100, ndipo amene afika pa 130 ndi ana ngati 2 okha mwa ana 100 ali onse.

M'caka ca 1921 Terman anayamba kufuna-funa ana anzeru zoposa m'mizinda ya ku California kuti atsate moyo wao kufikira ukalamba, napeza ana oposa 1,500. Tsono taonani m'mene anawapezera. Sanayese mwana ali yense. Anayamba wapempha aphunzitsi kuti achule ana amene iwo anawaona ngati anzeru m'kalasi, ndipo ochulidwawo makamaka ndiwo anayesedwa. Nzosadabwitsa kuti ambiri a iwo anali ana a azungu a m'mabanja opeza bwino. Atakula ambiri anacita bwino, nakhala madokotala, maloya ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Koma panali anyamata awiri, William Shockley ndi Luis Alvarez, amene anayesedwa nakanidwa cifukwa nambala yao inaperewera. Shockley analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1956, Alvarez m'caka ca 1968, pamene mwa osankhidwa onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anailandira. Ngati mayeso anatha kutaya ana amene anafika pa khomo lace, nanga ndi angati amene sanaitanidwe konse?

Ife amene tinaphunzira m'masukulu a mishoni tikumbukira ulendo wa Samueli ku Betelehemu kukasankha mfumu. Yese anaonetsa ana ace 7, koma wamng'ono, Davide, anamsiya ku nkhosa. Sikuti Yese anali kumuda mwanayo. Sanaganize cabe kuti nkhani yaikulu yotere ingamkhudze mbusa. Samueli akadapanda kufunsa ngati ana onse atha, akadasankha mwa amene anamuikira pamaso pace. Colakwa ca Yese ndico colakwa cacikulu ca masukulu pa nkhani yathuyi, ndipo pali umboni womveka wocokera ku Florida.

M'cigawo ca Broward, m'dera limenelo la America, mwana anali kuyesedwa IQ pokha-pokha mphunzitsi wace kapena makolo ace atapempha. Lamulo la ku Florida linafuna nambala 130, koma kwa ana a amphawi ndi ana amene Cingerezi sicinali cinenero ca kwao linafuna 116. M'caka ca 2005 akulu a maphunziro m'cigawomo anasintha njira. Anayamba kupatsa mwana ali yense wa mu giredi 2 mayeso afupi a zithunzi ndi mizere, osafuna kuwerenga mau, ndipo amene anacita bwino anatumizidwa kukayesedwa IQ. Nambala zofunika zija sanazitsitse. Anthu awiri ophunzira za cuma, David Card ndi Laura Giuliano, anawerenga zotsatira zace nazisindikiza m'caka ca 2016. Mwa ana 100 ali onse a m'mabanja ocokera ku maiko olankhula Cisipanishi, olowa m'gulu la anzeru anakwera kucoka pa 2 kufika pa 6. Mwa ana akuda anakwera kucoka pa 1 kufika pa 3. Mwa ana a azungu anakwera pang'ono, kucoka pa 6 kufika pa 8. Ana amenewa anali m'makalasi omwewo zaka zonse, pamaso pa aphunzitsi omwewo, koma panalibe wowachula.

Cifukwa cace nciani? Sindikhulupirira kuti aphunzitsiwo anali anthu a njiru. Mphunzitsi ali ndi ana ambiri, ndipo diso lace ligwera pa mwana wolankhula bwino, wokweza dzanja msanga, wobwera ndi nchito yolembedwa mwaudongo. Mwana wamanyazi, kapena amene aganiza m'cinenero cina asanayankhe, aoneka ngati wogona. Makolo naonso asiyana. Kholo lophunzira lidziwa kuti kalasi lotere liripo, lidziwa ofesi yoyenera kupitako, ndipo likakanidwa litha kulipira katswiri wapadera kuti amuyese mwana. Mai wogwira nchito usiku, wosadziwa Cingerezi, sadziwa nkomwe kuti pali cinthu coti apemphe. Motero njira yodikira pempho iyesa makolo isanayese mwana.

Mapeto a nkhani ya ku Broward ngomvetsa cisoni. Kuyesa mwana mmodzi-mmodzi kufuna akatswiri ndi ndalama. Cuma ca America citagwa, cigawoco cinaleka kuyesa ana onse m'caka ca 2010, ndipo kusiyana kwa mitundu kuja kunabwerera monga kale. Anayambiranso m'caka ca 2012 m'njira yosinthako. Apa tiphunzirapo kuti cilungamo cotere cikhala m'buku la ndalama za sukulu, ndipo ali yense amene anagwirapo nchito ya mu ofesi ya Boma adziwa kuti pa nthawi ya kucepetsa ndalama, cimene ciyamba kufafanizidwa ndi cimene eni ace sadziwa kudandaula.

Colakwa caciwiri ndi kuyesa mwana ali wamng'ono kwambiri, kamodzi kokha. Mzinda wa New York, kuyambira m'caka ca 2008, unasankha ana a makalasi otere ndi mayeso amodzi operekedwa kwa ana a zaka 4. Caka ndi caka ana ngati 15,000 anali kulimbirana malo ngati 2,500, ndipo makolo olemera anali kulipira aphunzitsi apadera kuti azoloweze tiana tao mafunsowo. Pamene ana ambiri a m'masukulu a mzindawo anali akuda ndi a m'mabanja olankhula Cisipanishi, ambiri a osankhidwa anali azungu ndi ana a m'mabanja ocokera ku Asia. Mayesowo anathetsedwa m'caka ca 2021. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo ananena zoona, koma mwambiwo utiuza kusamala mbeu iri yanthete. Sutiuza kuzula imene yacedwa kumera. Mwana wa zaka 4 akhoza kulephera cifukwa ca njala, tulo, kapena kuopa mlendo womfunsayo, ndipo cimene aonetsa pa msinkhu umenewo ndi zimene wamva ndi kuona pa nyumba pa makolo ace.

Colakwa cacitatu ndi kuganiza kuti mayeso aona nzeru zeni-zeni popanda cophimba. Pa mfundo imeneyi umboni wabwino unacokera kwathu konkuno. Robert Serpell, wa pa yunivesite ya Zambia, anafalitsa m'caka ca 1979 zimene anapeza atapatsa ana a mu Lusaka ndi ana a ku England nchito imodzi, ya kutsanzira maonekedwe a cinthu. Pojambula ndi pensulo ana a ku England anapambana. Popinda waya ana a mu Lusaka, ozolowera kupanga magalimoto a waya, anapambana. Poumba, kumene onse anakudziwa, analingana. Nzeru yofunika inali imodzi, koma cipangizo ndico cinasankha wopambana. Serpell yemweyo anakhala nthawi yaitali pakati pa Acewa a ku Katete, nafunsa akulu a m'midzi kuti pakabuka nchito yadzidzidzi angatume mwana uti. M'buku lace la m'caka ca 1993 analongosola kuti kwa iwo nzeru iri ndi mbali ziwiri, kucenjera ndi kutumikira. Ife tonse tidziwa kuti mwana wocenjera koma wosatumika sitimucha wanzeru. Pepala la mayeso liona mbali yoyambayo, ndipo liiona kupyolera m'pensulo.

Tsono wina angati: ngati ziri conco, tiwataye mayeso onse. Ine sindibvomereza. Nkhani ya ku Broward yomweyo ionetsa kuti mayeso anacita cilungamo koposa diso la mphunzitsi ndi pempho la kholo. Kumene mayeso acotsedwa, cotsala ndi kuchulidwa ndi munthu, ndipo tabwereranso kwa Yese. Ndiponso mayeso oyenera apeza cinthu ceni-ceni. M'caka ca 1971 Julian Stanley, wa pa yunivesite ya Johns Hopkins, anayamba kupatsa ana a zaka 12 ndi 13 mayeso a masamu okonzedwera anyamata ndi atsikana otsiriza sekondale. Anapeza ana ena otha mafunsowo, nawathandiza kuphunzira mofulumira, ndipo owatsata kwa zaka zambiri anaona kuti ambiri a iwo anafika patali m'maphunziro. Nzeru ya Stanley inali kuyesa phunziro limodzi lodziwika, ndi kumpatsa mwana zoonjezera m'phunziro lomwelo.

Card ndi Giuliano anapezanso cinthu cina cogwirizana ndi ici. Ku Broward, kalasi la anzeru la mu giredi 4 likapanda kudzaza, malo otsala anali kupatsidwa kwa ana amene anapambana anzao pa mayeso a kuwerenga ndi masamu a caka catha, ngakhale IQ yao sinafike pa nambala ya lamulo. Amene anapindula koposa m'makalasiwo anali ana akuda ndi a Cisipanishi olowa mwa njira imeneyi, pamene ana a IQ yaikulu sanaonetse kusintha kwakukulu. Odzazira malo ndiwo anadya bwino pa phwandolo.

Nkhani imeneyi itikhudza ifenso. Kwa zaka zambiri mayeso a giredi 7 m'Zambia anali ndi mapepala awiri apadera, Special Paper 1 ndi Special Paper 2, oyesa kuganiza ndi mau ndiponso ndi zithunzi, ndipo zotsatira za mayesowo zinali kusankha opita ku sekondale. Ubwino wace ngwakuti mwana ali yense wofika m'kalasilo anali kulemba popanda kudikira womuchula. Koma mwana wa ku mudzi amene aona mafunso a mtundu wotere koyamba pa tsiku la mayeso sali pamodzi ndi mnzace wa m'tauni amene wawabwereza miyezi yambiri, ndipo amene anasiya sukulu m'giredi 4 kukaweta ng'ombe sapezeka pa mndandanda uli wonse.

Cifukwa cace, sukulu iri yonse yofuna kupatula ana anzeru iyenera kuyankha mafunso owerengeka isanadzitame. Kodi iyesa ana onse, kapena okhawo amene achulidwa? Kodi khomo litseguka kamodzi, kapena mwana wocedwa kumera akhoza kulowa caka camawa? Kodi mwana ayerekezedwa ndi anzace a pa sukulu yace, amene anaphunzira zofanana ndi iye, kapena ndi ana a m'nyumba zodzaza mabuku? Kodi cimene ciyesedwa ndi cimene cidzaphunzitsidwa m'kalasimo? Ndipo potsiriza, ndalama zoyesera ana onsewo zidzakhalapobe m'caka ca mabvuto? Makolo ndi aphunzitsi amene muwerenga mau awa, musaope kufunsa mafunso amenewa pa msonkhano wa sukulu, ngakhale mwana wanu wasankhidwa kale. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo dokotala amene adzakucizeni mu ukalamba wanu mwina lero ali kumbuyo kwa kalasi, wosakweza dzanja.