Luso la Mmisiri wa Sola ku Makululu

Mmisiri wodziwa ntchito ya sola ku Makululu, komboni ya ku Kabwe m'Zambia, sathamangira kukwera padenga. Amayamba wakhala pansi n'kufunsa kuti, "Amayi, mukufuna kuyatsa chiyani, ndipo kwa maola angati?" Mababu atatu, wailesi, mafoni, mwina makina ometera tsitsi a mwana wawo. Zonse amazilemba pakapepala n'kuwonkhetsa. Akamva za ayironi kapena chitofu amapukusa mutu, ngakhale akudziwa kuti kukanako kungamuthawitsire kasitomala.

Ntchitoyi inakula ndi chilala cha 2024. Mu February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Madzi anatsika m'damu la Kariba, ndipo pofika September, kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Magetsi a madzi si achilendo ku Kabwe, poti damu la Mulungushi linatsegulidwa mu 1925 kuti liyendetse mgodi wa Broken Hill wa m'tauniyi. Koma mvula ikakana, damu nalonso limagwira njakata.

Madenga ambiri m'komboni muno ndi a malata okalamba pa mitanda yowonda, ena opsinja ndi miyala. Muoneni mmisiri akuyenda pamenepo. Amaponda pamzere wa misomali pokha, poti pansi pake ndi pomwe pali mtengo. Panelo amaliyang'anitsa kumpoto, kumene dzuwa limapendekera m'miyezi yozizira, n'kulipendeketsa pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Saligoneka pamalata. Amasiya mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa, chifukwa panelo likatentha kwambiri limachepetsa moto. Kenako amaima n'kuyang'ana mtengo wa mango wa aneba, kulingalira komwe mthunzi wake udzafike dzuwa likapendeka. Mthunzi wogwa pa ngodya imodzi yokha umatha kufooketsa panelo lonse, ndipo ambiri ogula okha pamsika sadziwa zimenezi.

Pa zilumba za Tokelau, m'nyanja ya Pacific, zomwe zinayamba kudalira kwambiri sola mu 2012, amisiri amalimbana ndi mchere wodya zitsulo ndi namondwe. Kuno adani ndi fumbi ndi akuba, n'chifukwa chake mabawuti amawamangira chamkati mwa nyumba.

Komabe pomwe ndimamugomera kwambiri ndi pa batire. Mabatire otsika mtengo ndi a mtovu, ndipo Kabwe amaudziwa mtovu kuposa tauni ina iliyonse m'Zambia. Mgodi wa mtovu wa Broken Hill uja unatsekedwa mu 1994, koma poizoni wake anatsala m'nthaka, ndipo mpaka lero amapezeka m'magazi a ana. Batire lofa msanga limathera m'manja mwa anthu oliswa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi n'kutayikira pomwe ana amasewera. Mmisiri wabwino amagwira ntchito yoti batire likhalitse. Amaliika pathabwa, m'mwamba, chifukwa nthawi ya dzinja madzi amalowa m'nyumba za ku Makululu. Amasankha waya wonenepa ndi waufupi, amaika fyuzi pafupi ndi batire, ndipo salumpha kabokosi koyang'anira moto wolowa, ngakhale mwini nyumba adandaule za mtengo wake. Polumikiza amayamba ndi batire, panelo pambuyo.

Akatero amatulutsa mita yake n'kuitana mwini nyumba. Batire la mavolti 12 likadzaza n'kupuma limawerenga pafupifupi 12.7. Likatsika kufika cha pa 12.1 ndiye kuti latha theka, ndipo pamenepo wailesi izime, kaya mpira uli mkati. Amabwereza zimenezi mpaka mwana wasukulu wa m'nyumbamo atazigwira, chifukwa amadziwa kuti ndiye adzakumbutse akuluakulu. Batire lakale akalipeza pakhomopo amapempha kuti alinyamule lathunthu, losaboola, akalisiye kwa ogula mabatire akutha.