Piyano ikasenza ntchito ya woyimba

Mu 1878 ku Paris kunasindikizidwa nyimbo ya Gabriel Fauré yotchedwa Après un rêve, yoti munthu mmodzi aziyimba piyano ikumuperekeza. Mawu ake analemba ndi Romain Bussine: munthu walota akuuluka ndi wokondedwa wake, ndiye atadzidzimuka akuchonderera usiku kuti ubwerenso. Mu 1939 Percy Grainger, katswiri wa piyano wobadwira ku Australia, anaikonzanso kuti piyano iziyimba yokha, popanda wotsegula pakamwa.

Ntchito imeneyi si yamasewera. Liwu la munthu limatha kukula pamene akulikoka, koma la piyano limayamba kuzilala kanyundo kakangomenya waya. Chonsecho Fauré anapatsa woyimba mizere italiitali yofuna mpweya wambiri, piyano n'kumangogunda pansipansi mobwerezabwereza. Zala khumi zomwezo tsopano zigwire ntchito ziwiri: zina zikweze nyimbo, zina zigunde motsitsa, mwinanso m'dzanja limodzi lomwelo. Chala chimodzi chikangolemera pa zoperekezazo, nyimbo yamira. Phazi nalo lili ndi gawo lake, chifukwa pedulo ikapondedwa mopitirira mawu amasakanikirana ngati madzi a chithaphwi. Grainger ankalimbikitsa kwambiri pedulo yapakati, imene imasunga mawu osankhidwa okha, ena n'kumadutsa ali mbee.

Pablo Casals, amene anakonzera nyimboyi choyimbira cha zingwe chotchedwa cello mu 1910, anali ndi mwayi: uta umakoka liwu monga amachitira mpweya.

Nkhaniyi isaoneke yakutali kwa anthu a ku Phalombe. M'matchalitchi a ku Migowi kapena ku Chiringa, kwaya ikapuma pa nthawi ya chopereka, mnyamata wa pa kiyibodi amatsala yekha ndi nyimbo imene mpingo wonse umaidziwa pamtima. Vuto lake ndi la Grainger lomwe lija. Ambiri amalithawa: amadina batani la ng'oma zodziyimba zokha, n'kusankha liwu lomwe silizilala bola chala chili pomwepo. Phokoso limadzaza tchalitchi ndithu, koma makina sapuma, ndipo nyimbo imathamangitsidwa mpaka mawu amene anthu akuwatsatira mumtima amasowa pokhala. Izi n'zomvetsa chisoni m'boma limene ana amakula akumva ng'oma za tchopa zikuyankhana ndi mapazi a ovina, osati kuwalamula.

Alipo ena amene amazimitsa ng'omazo. Amaimika kaye dzanja pamene amayi a kwaya akanakoka mpweya, amachedwetsa pang'ono pa liwu lolemera tanthauzo, dzanja lamanzere n'kulitsitsa kuti lamanja limveke. Ndime yachiwiri amaikweza m'mwamba kapena kuionjezera zokometsera, chifukwa popanda mawu atsopano a ndakatulo kubwereza chimodzimodzi kumatopetsa. Oyimba otere, ngakhale sanaonepo pepala la Fauré, akhoza kuikhoza Après un rêve ataimvera kangapo pa foni.