Mapu a Marávia ndi mayina amene anatsekedwa pakamwa

Boma la Marávia lili ndi ma posto administrativo anayi: Fingoè, kumene kuli likulu, Chiputo, Malowera ndi Chipera. Pa mayina anayiwa palibe limene limalembedwa mofanana m'mapepala onse. Malowera amapezekanso ngati Molowera, Chipera ngati Chepera, Chiputo ngati Chiputu, ndipo kachizindikiro ka pa e wa Fingoè kamapendekera uku lero, mawa uko. Mndandanda wa mayinawa mwana wa ku Marávia amauwerenga kawirikawiri kuposa buku lililonse: uli pa chikwangwani cha sukulu, pa cédula yake, pamwamba pa pepala la mayeso. Uyenera tsono kuweruzidwa monga cholembedwa china chilichonse chopatsidwa kwa ana. Ukaweruzidwa motero umapezeka wolephera, ndipo umalephera koposa pa mayina oseketsa, achipongwe ndi odabwitsa, amene mwana akanawawerenga ndi chidwi.

Gwero la vutoli si lovuta kulipeza. Alifabeti ya Chipwitikizi imene alembi a nthawi ya atsamunda ankagwiritsa ntchito inali ndi zilembo 23, popanda k, w ndi y. Zilembo zitatuzi zinabwezeretsedwa ndi mgwirizano wa kalembedwe wa 1990, mapu a Tete atajambulidwa kalekale. Mlembi akamva Domwe ankalemba Dómuè, akamva Ulongwe ankalemba Ulónguè. Zobwe anakhala Zóbuè, Revubwe anakhala Revúboè, Kapoche anakhala Capoche, Nyenda anakhala Nhenda, ndipo mtsinje wa Luangwa unasanduka Aruângua. Alembiwo sanali opusa. Munthu wa ku Lisboa akawerenga Dómuè amatchula mawu oyandikira ndithu ku Domwe, ndipo ntchito imene anapatsidwa inali yomweyo. Anawo sanali m'maganizo a wolemba.

M'kalasi ya zinenero ziwiri ndi mmene mlandu umaonekera bwino. Mabuku a Chinyanja a ku Mozambique amatsata kalembedwe kogwirizanidwa pa misonkhano ya 1988, 1999 ndi 2008, imene akatswiri a NELIMO a ku Universidade Eduardo Mondlane anali patsogolo pake. M'kalembedwe kameneka liwu loyamba la mawu oti chala limalembedwa ndi c yekha, monga amachitira ku Zambia. Mwana wa kalasi yachiwiri amene waphunzira bwino lamuloli akaona Capoche amawerenga Chapoche. Sanalakwe. Watsatira zimene anaphunzitsidwa dzulo. Akafika kalasi yachinayi, Chipwitikizi chitayamba kukhala chinenero chophunzirira, amauzidwa kuti ch amatchulidwa ngati sh, ndipo kwawo kumasanduka Shiputu. Mwana mmodzi, mudzi umodzi, malamulo awiri, ndipo dzina lolembedwalo silimvera lamulo loyamba, pamene lachiwiri likulipotoza. Kuyambira pa PEBIMO, imene inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, kudzafika pa makalasi amene anatsegulidwa mu 2003, mawu wamba anakonzedwa kalembedwe kake. Mayina a malo anatsala panja, ngati kuti si mawu a chinenerocho.

Pali dzina limodzi limene linapulumuka, ndipo likuonetsa zimene zinatayika pa enawo. Ku posto ya Chipera kuli localidade yotchedwa N'tayansupa. Mlembi wake anasiya y pamalo pake, kotero dzinali limalankhulabe: mtaya nsupa, munthu wotaya nsupa. Nsupa si chikho wamba. Ndi kamphonda kosungira mankhwala, ka sing'anga kapena ka munthu amene anthu amamunong'ona. Woitaya angakhale wolapa, wogwidwa, wothawa usiku, kapena wogonja chifukwa wapeza oposa iye. Zilembo khumi zokha, koma muli munthu, mchitidwe ndi mlandu. Mphunzitsi wa galamala sangapeze chitsanzo chokoma kuposa ichi cha mmene Chinyanja chimaumbira dzina: m- wa wochita, mneni, kenako chochitiridwa, monga mu mlondamanda kapena mpalamatabwa. Ndipo ana sangagone pa phunziro lotere, chifukwa aliyense ali ndi maganizo ake pa za mwini nsupayo.

Kaumbidwe kameneka n'kofala kulikonse kumene chinenerochi chimalankhulidwa. Ku Chikwawa m'Malawi kuli Dyeratu, dzina limene ndi chenjezo kwa wapaulendo. Ku Zomba kuli msika wa Mpondabwino. Ku Lusaka kuli Kalikiliki ndi Mandevu. Mumzinda wa Tete muli msika wa Kwachena. Ku Dowa kuli Mtengowanthenga, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga amauona mtengowo ndi nthenga zake. Mnzake wa tsidya lino, Mtengo wa Mbalame, mapu akale anamulemba Metengobalame. Mtengo unalowa m'chifunga, mbalame inathothoka m woyamba. Mayina awiriwa ndi amtundu umodzi, koma lina limawerengeka ngati chiganizo, lina ngati phokoso chabe.

Tsono za mayina ochititsa manyazi. Ku posto ya Malowera, kufupi ndi malire a Zambia, kuli Cassuende, kumene kunali msasa wodziwika wa Frelimo pa nkhondo ya ufulu. M'zolemba za nkhondoyo dzinali limapezekanso ndi K, Kassuende. Ku Zambia, m'Chinyanja cha m'tauni ndi m'Chibemba, kaswende ndi matenda amene ena amati chindoko, ndipo m'Chiswahili ndi chimodzimodzi. Ana a m'malire amapita ku misika ya tsidya lija, amamva wailesi za kumeneko, ndipo mawuwa amawadziwa. Mphunzitsi akalemba dzinali pa bolodi, kumbuyo kwa kalasi kumayamba kugwedezeka mapewa. Chimene amachita aphunzitsi ambiri ndi kukweza mawu n'kudumphira ku dzina lotsatira.

Kudumphako n'kutaya phunziro. Zilembo za -ssue- sizinena ngati eni malo amati Kaswende kapena Kasuwende, ndipo kusiyana kumeneku ndiye nkhani yonse. Ngakhale atamati Kaswende, kufanana kwa matchulidwe si umboni wa chiyambi. Chipera chimamveka ngati chipere, nthenda ya pakhungu, komanso Chepera amamveka ngati kuchepera. Onse awiri sangakhale olondola, ndipo nkutheka kuti onse ndi olakwa, pakuti ku Marávia kumamvekanso Chinsenga ndi Chinyungwe, ndipo malo ambiri anatenga dzina la mfumu, phiri kapena mtsinje. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti «dzinali ndi la chinenero chiti, ndipo analitcha ndani?» waphunzira chinthu chimene adzachigwiritsa ntchito pa mawu aliwonse a Chipwitikizi ofanana ndi a kwawo. Phunziro limeneli limayambira pa kuseka komwe kuja.

Pali chipongwe china chimene eni dziko sanachipange n'komwe. Ku- wosonyeza malo, amene mwana amamulemba kambirimbiri pa tsiku, akalembedwa mwa Chipwitikizi amakhala cu, ndipo m'Chipwitikizi mawu amenewa ndi otukwana, otchula kumbuyo kwa munthu. Cuchamano, pa malire a Zimbabwe, ndi Cuamba ku Niassa amayamba ndi zilembo zimenezi. Anyamata a kalasi yachisanu ndi chimodzi, amene Chipwitikizi cha pamsewu amachigwira msanga kuposa cha m'buku, sachedwa kuona. Apa mapu asakaniza zinthu ziwiri zosiyana: dzina limene eni ake analitcha mwadala kuti liluma, ndi dzina losalakwa limene cholembera cha mlendo chinalidetsa. Loyamba ndi luso la anthu. Lachiwiri ndi ngozi ya kalembedwe, ndipo k mmodzi akanaichotsa.

Komabe dzina lodabwitsa koposa limene Marávia inakhalapo nalo silinali la Chinyanja. Chiputo pa nthawi ya atsamunda ankatchedwa Vila Vasco da Gama. Vasco da Gama anadutsa m'mbali mwa nyanja ya Mozambique mu 1498 pa ulendo wa ku India, ndipo sanapondeko kumapiri a kumpoto kwa Zambezi. Dzina la woyendetsa zombo linaikidwa pa malo amene bwato lalikulu linali la mtengo umodzi. Mualadzi anali Vila Gamito, Ulónguè anali Vila Coutinho, Cambulatsitsi anali Caldas Xavier. Ufulu utabwera mu 1975 mayina akale anabwezedwa, ndipo Vasco da Gama anapatsa malo chiputu, tsinde la udzu lotsala moto ukadutsa. Kubweza kumeneko kunali koyenera, koma ntchitoyo inaimira pakati. Mayina anabwerera atavalabe zovala za mlembi yemwe uja: o wa kumapeto kwa Chiputo ndi o wa Chipwitikizi wotchulidwa u.

Dzina la bomalo lili m'gulu lomweli. Marávia ndi Maravi woonjezeredwa mchira wa -ia, monga mu Angónia, ndipo Maravi ndi mawu omwewo a Malawi. António Gamitto, amene anachoka ku Tete mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za anthu a m'dera lino powatcha Maraves m'buku lake O Muata Cazembe la 1854. Likulu la Undi linali ku Mano, cha kumtsinje wa Kapoche, ndipo mpaka lero mafumu a ku Tete amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Mwana angamalize sukulu ya pulayimale akulemba Marávia tsiku ndi tsiku osazindikira kuti akulemba dzina la ufumu wa makolo ake, ndiponso la dziko loyandikana nalo. Nyanja ya kummwera kwa bomali nayo ili ndi mbiri yotere: David Livingstone, amene mathithi ake anamubweza mu 1858, analemba Kebrabasa, Apwitikizi anati Cabora Bassa, lero ndi Cahora Bassa. Amalimasulira kuti pothera ntchito, ndipo basa ndi mawu amene wolankhula Chinyungwe aliyense amawamva popanda womasulira.

Kukonza n'kotheka, ena anachita. Malawi inasintha Kota Kota kukhala Nkhotakota, Cholo kukhala Thyolo, Mlanje kukhala Mulanje ndi Ncheu kukhala Ntcheu. Pofika 2010 zigawo za mzinda wa Maputo, zimene zinkadziwika ndi manambala, zinali zitatenga mayina monga KaMpfumo, KaMavota ndi KaTembe, olembedwa ndi k wake. Kuyambira 2009 dziko lili ndi bungwe loona za mayina a malo, INGEMO. Njira ilipo, ngakhale ili yodula, chifukwa dzina likasintha pamafunika kusintha zidindo, zikwangwani ndi ziphaso za anthu.

Choopsa n'chakuti kukonza kumasanduka kuchapa. Akuluakulu akakhala pansi kusankha mayina, dzina lonunkha utsi wa kumudzi ndi limene limayamba kuchotsedwa, m'malo mwake n'kubwera tsiku la pa kalendala kapena ngwazi. Mumzinda wa Tete muli ma bairro a Josina Machel, Francisco Manyanga ndi Filipe Samuel Magaia, ndipo sukulu zotchedwa 25 de Setembro kapena 7 de Abril zili m'chigawo chilichonse. Anthu amenewa ndi masiku amenewa ndi oyenera ulemu. Koma dzina lopezeka ku Pemba, ku Xai-Xai ndi ku Fingoè mofanana silinena kanthu za malo amene laikidwa. Komiti yofuna ulemu wokhawokha ikanamufufuta N'tayansupa pa msonkhano woyamba, ponena kuti akulimbikitsa zikhulupiriro za ufiti. Misewu ndiye inachapidwa kale: wochoka pa Bene kudutsa Fingoè mpaka ku Zumbo pa mapu ndi N303 basi, pamene oyendetsa chapa ndi okwera njinga ali ndi mayina awoawo a zitunda, matope ndi milatho imene imawazunza nthawi ya dzinja. Mayina amenewo, ambiri achipongwe, sanalembedwe paliponse.

Mphunzitsi alibe mphamvu yosintha mapu, ndipo pa mayeso ndi pa zikalata za boma mwana ayenera kulemba Fingoè monga boma limalembera. Kumubisira zimenezi ndi kumupweteka. Koma maphunziro a pulayimale anapatula 20% ya nthawi kukhala ya currículo local, ndipo ntchito iyi ikukwana mmenemo popanda kugula buku. Bolodi ligawidwe pawiri: uku dzina la pa chikwangwani, uko dzina monga limatuluka pakamwa pa agogo, lolembedwa ndi malamulo a m'kalasi. Ana aone okha kuti oè ndi uè ndi we, kuti nh ndi ny, kuti ca ndi ka. Imeneyi ndi njira yachidule yolowera kalembedwe ka Chipwitikizi, chifukwa mawu ake ndi odziwika kale ndipo chachilendo ndi zilembo zokha. Kenako atumidwe kwa anyakwawa ndi kwa achikulire kukafunsa chiyambi cha dzina la mudzi, la dambo, la pokwerera chapa. Akabwera ndi nkhani zitatu zotsutsana, zonse zitatu zilembedwe pamodzi ndi mudzi wa wonena ndi chinenero chake; mphunzitsi asathamangire kusankha imodzi. Mayina otukwana kwenikweni, amene ngakhale eni ake amawatchula motsitsa mawu, mphunzitsi aone msinkhu wa kalasi yake, koma m'kope lake la iye mwini awalembe onse.

Makope otere, atasonkhanitsidwa kuchokera ku sukulu khumi zokha, angakhale umboni woposa mapu aliwonse amene alipo tsiku limene INGEMO idzafunse za Marávia. Poyambira papafupi palipo kale. Malowera ndi Molowera onse ndi mawu omveka m'Chinyanja, ochokera ku kulowa, koma loyamba likunena njira kapena malo olowera, lachiwiri likunena mkati molowera. Kalasi imodzi ya ku posto imeneyo, itafunsa agogo khumi, ingathetse nkhaniyi m'sabata imodzi.