Mayina a Nsomba: Msika Waposa Buku

Mayi wogulitsa ndiwo mu msika wa Ndirande kapena wa Bangwe sanena kuti akugulitsa nsomba. Amatchula usipa wofutsa, bonya, utaka, micheni, matemba a ku Chilwa, kampango wowamba ndi milamba, mulu uliwonse ndi dzina lake. Mwana wa ku Chilomoni amene sanaonepo nyanja amawadziwa mayinawa chifukwa amatumidwa kukagula. Chodandaulitsa nchakuti mwana yemweyo akatsegula buku kapena nyuzipepala ya Chichewa, kawirikawiri amangopeza mawu oti "nsomba", ndipo dzina lenileni likalembedwa, limakhala lolembedwa molakwika.

Cholakwa choyamba ndi cha kalembedwe. Mayina ambiri a nsomba zathu adayamba kulembedwa m'mabuku a Chingerezi a akatswiri monga Ethelwynn Trewavas, amene adafufuza nsomba za m'nyanja ya Malawi mu 1939, ndi Rosemary Lowe, amene adafufuza za chambo kuyambira 1945. Ntchito yawo ndi yotamandika, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe mabuku a sayansi adalembedwa Bungwe la Chichewa Board lisanakhazikitsidwe mu 1972, kapena mosalabadira malamulo ake. Mlembi wa Chichewa amene amangokopera zolembedwa m'menemo amalowetsa m'chiyankhulo zolakwa zimene malamulo adazikana kale.

Chitsanzo ndi mawu oti "nchila". Malamulo a kalembedwe ka Chichewa salola malembo a "nch". Pamalo pake pamalembedwa "ntch", monga m'mawu oti ntchito ndi ntchentche. Malamulo omwewo amati lembo la "r" lizitsatira "i" kapena "e" mkati mwa tsinde la mawu, monga njira ndi mchira. Motero dzina la nsombayi liyenera kulembedwa kuti ntchira. Chitsanzo china ndi "ncheni". Ogula ndi ogulitsa ku Zingwangwa amati mcheni, ikachuluka micheni, monga mlamba ndi milamba. Kuchulukitsa kotereku kukuonetsa kuti dzinali lili m'gulu la Mu-Mi, ndipo liyenera kuyamba ndi "m".

Cholakwa chachiwiri, chomwenso ndi chachikulu, ndi chosokoneza mitundu. Alembi ena amatcha chambo nsomba iliyonse yooneka ngati chambo, ngakhale makumba oweta m'madamu. Asodzi sachita zimenezo. Iwo amasiyanitsa mitundu ya chambo, ndipo akatswiri a sayansi adatenga mayina a lidole ndi saka kuchokera pakamwa pa asodziwo nkuwaika m'mayina a Chilatini. Nzamanyazi kuti mayina amene Chilatini chidasunga akusowa m'mabuku a Chichewa.

Nkhaniyi si ya galamala chabe. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yoti zingatheretu. Ntchira, imene kale inkagwidwa yambiri, idasowa m'misika. Wogula wa ku Machinjiri amene sanauzidwe kuti kasawala ndi mwana wa chambo sangamvetse chifukwa chimene asodzi amaletsedwa kumugwira. Uthenga wa nyengo yotseka nyanja ukangoti "nsomba zikutha", sumveka kwa munthu amene akuona milu ya usipa pa msika. Uthenga umamveka ukatchula nsomba imene ikutha ndi dzina lake.

Pali mayina enanso amene anthu a m'tawuni sawamva chifukwa nsombazo sizifika pa msika. Mbuna, tinsomba ta maonekedwe owala timene timakhala m'miyala ya m'mbali mwa zilumba monga Likoma ndi Chizumulu, ndi tina mwa zifukwa zimene Lake Malawi National Park idakhazikitsidwira mu 1980. Dzinali ndi lochokera ku Chitonga, ndipo lafalikira padziko lonse pakati pa oweta nsomba m'nyumba. Palibe chifukwa choti mlembi wa Chichewa alizembe nkumalemba kuti "nsomba zokongola". Chiyankhulo chimakula pobwereka kwa anansi ake.

Choncho akonzi a mabuku ndi nyuzipepala akupemphedwa kuti asamalole dzina la nsomba kusindikizidwa asanaliyese ndi malamulo a kalembedwe ndiponso ndi matchulidwe a eni ake. Aphunzitsi a Chichewa m'sukulu za ku Blantyre ali ndi mwayi, pakuti msika uli pafupi. Ophunzira angatumidwe kukafunsa mayina kwa ogulitsa, kuwalemba m'kope, kupeza gulu la dzina lililonse ndi kuchulukitsa kwake, kenaka nkuyerekeza ndi zimene zili m'buku. Pamene buku ndi msika zasemphana, mphunzitsi asafulumire kugamula kuti wolakwa ndi msika.